Makoswe a gulu loyerekezera sanatulutse mazira: kodi vuto ndi mankhwala ogonetsa?

Asiyatu
Moni nonse a m'gulu lino, ndikupempha nzeru kwa akuluakulu. Kafukufuku wathu kuno ku Mangochi ndi woona ngati madzi a mizu ina amasokoneza kutulutsa mazira kwa makoswe aakazi. Makoswewo ndi a mtundu wa Wistar, olemera pakati pa magalamu 220 ndi 250, ndipo smear (kuyang'ana maselo a m'njira yoberekera pa maikulosikopu) ya m'mawa uliwonse imaonetsa kuti onse amazungulira masiku anayi, kutulutsa mazira kamodzi pa masiku anayi aliwonse. Pa tsiku la proestrus, lomwe usiku wake amatulutsa mazira, amagonetsedwa ndi mankhwala a pentobarbital kuti atengedwe magazi oyezera LH, homoni yochititsa kuti mazira atuluke, m'mawa mwake amaphedwa mosazunza, n'kuwerenga mazira m'machubu onyamula mazira kupita ku chiberekero. Chodabwitsa ndi ichi: amene anagonetsedwa cha m'ma 1:30 masana, ngakhale a gulu loyerekezera lomwe linangomwa madzi wamba, m'machubu mwawo mulibe dzira ngakhale limodzi. Amene anagonetsedwa cha m'ma 5 koloko madzulo, mazira alimo. Smear ya onse m'mawa mwake inaonetsa estrus, tsiku lotsatira proestrus, bwinobwino. Kodi pentobarbital yawonongeka ndi kutentha kwa kuno, kapena tikulakwitsa powerenga?

Che Jafali
Asiyatu, mankhwalawo sanawonongeke, agwira ntchito yake ndendende. Zimene mwaonazo anazilemba John Everett ndi Charles Sawyer m'chaka cha 1950. Makoswe awo ankakhala m'chipinda chomwe nyali inkayaka 5 koloko m'mawa n'kuzima 7 koloko madzulo. Akabaya khoswe pentobarbital nthawi isanakwane 2 koloko masana pa tsiku la proestrus, usiku umenewo sankatulutsa mazira. Akamubaya itadutsa 4 koloko, mazira ankatuluka ngati palibe chachitika. Maola awiri amenewa, kuyambira 2 mpaka 4 koloko, ndiye khomo lomwe ubongo umatumizira uthenga ku pituitary, kachiwalo ka pansi pa ubongo komwe kamatulutsa LH. Khoswe akakhala ali m'tulo ta mankhwala khomolo likamatseguka, uthengawo sudutsa, ndipo sudutsanso akadzuka. Umadikira mawa nthawi yomweyo. Inu gulu la 1:30 munaligonetsa pakhomo penipeni.

Bambo Gondwe
Che Jafali, apa pokha pandivuta. Kwa anthu, mankhwala ogonetsa akatha m'magazi, thupi limapitiriza pomwe linalekezera. Khoswe wagona maola awiri kapena atatu, chifukwa chiyani mazira achedwe ndi maola 24 athunthu m'malo mwa maola atatu omwewo?

Dokotala Nachisale
Bambo Gondwe, funso lanu ndiye mutu wa nkhani yonse. Kuti LH ikwere mwamphamvu pa khoswe pamafunika zinthu ziwiri zikumane, ndipo chimodzi mwa izo ndi wotchi.

Choyamba ndi estradiol, homoni yachikazi. Timatuza ta m'thumba la mazira, ma follicle aja, tikamakula timathira estradiol m'magazi kuyambira kumapeto kwa diestrus (nthawi ya proestrus isanafike), n'kufika pachimake m'mawa kapena masana a proestrus. Estradiol imeneyi imakonzekeretsa maselo otulutsa kisspeptin omwe ali m'ubongo, kutsogolo kwa gawo lotchedwa hypothalamus, pamalo otchedwa AVPV. Chachiwiri ndi uthenga wochokera ku suprachiasmatic nucleus, kagulu ka maselo komwe kamawerenga nthawi potsatira kuwala kolowa m'maso. Kaguluka kamatumiza uthenga wake kamodzi kokha patsiku, masana, tsiku lililonse. Pa diestrus uthengawo umafika koma supeza estradiol yokwanira, ndiye palibe chochitika. Pa proestrus umapeza zonse zili m'malo: kisspeptin imadzutsa maselo a GnRH (homoni yolamula pituitary kutulutsa LH), GnRH imatsikira m'timitsempha ta portal kupita ku pituitary, ndipo LH imasefukira m'magazi, n'kufika pamwamba penipeni cha m'ma 5 kapena 6 koloko madzulo. Mazira amatuluka patadutsa maola 10 kapena 12, usiku kwambiri kukamalowera m'bandakucha wa estrus.

Pentobarbital imatalikitsa nthawi yomwe timakomo ta pa maselo a ubongo totchedwa GABA-A timakhala totseguka, choncho maselo a ubongo amavutika kutumiza uthenga. Uthenga wa wotchi ukafika maselo ali chete, waphonya basi. Khoswe akadzuka madzulo estradiol ikadalipo, ma follicle akadali okhwima, pituitary ikadali yodzaza LH, koma wotchi yadutsa kale. Zili ngati kufika padoko sitima ya pamadzi itanyamuka: katundu muli naye, tikiti muli nayo, koma mudikira ulendo wotsatira. Mukamubayanso mawa lake nthawi yomweyo, mazira achedwanso tsiku lina. Mukapitiriza mpaka tsiku lachitatu ma follicle aja amayamba kufota. Ndipo mazira amene achedwa chonchi sakhalanso abwino ngati a nthawi yake, ena amabala ana olumala kapena sakula n'komwe.

Umboni wina woti wotchiyo imalira tsiku lililonse: khoswe wochotsedwa matumba a mazira n'kuikidwa kachubu ka estradiol pansi pa khungu, LH yake imakwera masana aliwonse, masiku angapo motsatizana.

Asiyatu
Zikomo a Dokotala, zamveka. Koma nanga bwanji smear inaonetsa estrus? Maselo onse anali aakulu, aphwatalala, opanda nucleus, monga timaphunzirira. Tinkatenga chimenecho ngati umboni woti mazira atuluka.

Tiyanjane
Achemwali, smear simauza munthu za mazira, imauza za estradiol ya dzulo. Maselo a m'njira yoberekera amauma n'kutaya nucleus chifukwa estradiol inawagwira maola ambiri m'mbuyomo. LH ikwere kapena isakwere, iwo amauma ndithu. Choncho khoswe wotsekerezedwa ndi pentobarbital amapereka smear ya estrus yooneka bwino kwambiri.

Chimene chikanakuuzani msanga ndi chiberekero. Pa proestrus nyanga ziwiri za chiberekero zimadzaza madzi, zimatupa n'kumaonekera mkati ngati katumbo kodzaza madzi. LH ikakwera, homoni ya progesterone imatsatira madzulo omwewo, khomo la chiberekero limamasuka ndipo madziwo amatuluka usiku. M'mawa wa estrus weniweni nyangazo zimakhala zaphwa. Mukatsegula mimba m'mawa n'kupeza nyanga zikadali zotupa, dziwani kuti LH sinakwere. Onaninso thumba la mazira lenilenilo: la khoswe amene watulutsa limakhala ndi timadontho tofiira pomwe ma follicle aphulika, la wotsekerezedwa limakhala ndi timatuza tikuluikulu toyera tosaphulika.

Pa nkhani yowerenga, sindikukhulupirira kuti munalakwitsa, koma nayi njira yake kuti tonse tifanane. Dulani chubu chonse pamodzi ndi kachidutswa ka nyanga, muchiike m'kadontho ka saline (madzi amchere a kuchipatala) pagalasi. Pa maikulosikopu ya mphamvu yochepa funani ampulla, gawo la chubu loyandikira thumba la mazira. Ngati mazira atuluka, ampulla imakhala yofufuma, khungu lake lopyapyala, ndipo mkati mumaoneka kamtambo kotuwa. Ng'ambani pamenepo ndi nsonga ya singano, kamtamboko kamatuluka kokha ngati kadontho ka phala lamadzimadzi. Thirani hyaluronidase ya 1 mg pa ml, dikirani mphindi zochepa, maselo ozungulira amabalalika ndipo mazira amatsala oonekera, lililonse ndi kamkombero kake kowala. Ngati hyaluronidase palibe, finyani chubucho pang'onopang'ono pakati pa magalasi awiri, mazira amaonekabe. Khoswe wamkulu wathanzi amatulutsa 10 mpaka 15 kuphatikiza mbali zonse ziwiri. Chitani izi m'mawa, cha m'ma 8 mpaka 10 koloko, mazira asanatsike m'chubu.

Che Jafali
Njira yachidule ndi yomwe mwaipeza kale mwangozi: tengani magazi 5 koloko. Khomo latsekeka kale, mazira atuluka, ndipo nthawi imeneyo LH ili pamwamba, yomwe ndi imene mukufuna kuyeza.

Dokotala Nachisale
Che Jafali, pa mazira ndikugwirizana nanu, koma pa LH ayi. Kuti mazira atuluke pamangofunika kagawo kochepa ka LH yonse yomwe imatuluka madzulo amenewo. Ndiye khoswe wobayidwa 5 koloko angathe kutulutsa mazira onse pamene mankhwalawo adula mchira wa LH yake. Mazira akuuzani kuti zili bwino, nambala ya LH ili yonama. Chinanso, makoswe sakwera pamodzi ngati asilikali. Wina amafika pamwamba 4:30, wina 6:30. Magazi otenga kamodzi amagwira wina akukwera, wina akutsika, ndipo kusiyana komwe mudzakuone pakati pa gulu la mizu ndi gulu loyerekezera kungakhale kusiyana kwa mphindi zomwe munafika pa khola lililonse. Ngati mizuyo imachedwetsa LH ndi ola limodzi osaichepetsa, magazi a kamodzi adzati yachepa.

Pamafunika magazi a ola lililonse kuyambira 1 koloko masana mpaka 9 koloko usiku, khoswe ali maso.

Che Jafali
Pamenepo mwanena zoona, ndavomera. Koma kutenga magazi kasanu ndi kanayi kuli ndi malire ake, tiwerengere. Khoswe ali ndi magazi pafupifupi 64 ml pa kilogalamu. Wa magalamu 240 ali ndi 15 ml ndi pang'ono. Osapyola gawo limodzi mwa magawo khumi, ndiye 1.5 ml tsiku lonse. Kasanu ndi kanayi kuchulukitsa ndi 0.15 ml ndi 1.35 ml, mwatsala pang'ono kufika pamalire, ndipo nthawi iliyonse mubwezere saline wofunda wofanana ndi magazi mwatengawo.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kachubu ka silicone kolowetsa mu mtsempha wa m'khosi wa jugular, n'kukatulutsira kumbuyo kwa khosi, kodzazidwa ndi saline wa heparin kuti kasatsekeke. Magazi amatengedwa khoswe ali m'khola mwake osamugwira. Vuto lake ndi loti opaleshoniyo payokha imasokoneza kuzungulira kwa masiku. Musaike kachubu m'mawa wa proestrus n'kuyembekezera zotsatira zoyera. Ikani msanga, pitirizani smear, mugwiritse ntchito okhawo amene abwerera pa masiku anayi. Koma mukadikira nthawi yaitali kachubuko kamatsekeka ndi magazi oundana, choncho muzikatsuka tsiku lililonse.

Yachiwiri ndi kunsonga kwa mchira. Ngati ELISA yanu yoyezera magazi ndi ya mtundu womwe umamva LH yochepa kwambiri, kadontho ka ma microlitre ochepa kamakwana. Khoswe amafunika kumuzoloweza manja kwa milungu iwiri kapena itatu, kumunyamula tsiku lililonse, kumusisita mchira, mpaka asiye kuchita mantha. Khoswe wamantha amathira mahomoni a corticosterone ndi prolactin m'magazi pa mphindi zochepa, ndipo mantha aakulu pa nthawi ya khomo lija amathanso kufooketsa LH popanda mankhwala aliwonse.

Bambo Gondwe
Nanga ketamine? Ndi imene imapezeka mosavuta m'dziko muno, ndipo sigwira GABA ngati ma barbiturate, gulu la pentobarbital. Kwa khoswe ndikudziwa kuti amapatsa 75 mpaka 100 mg pa kilogalamu pamodzi ndi xylazine 5 mpaka 10 mg pa kilogalamu m'mimba.

Dokotala Nachisale
Miyezo mwaitchula bwino, koma ketamine si mlendo wongodutsa pa nkhani ya LH. Imatseka timakomo ta NMDA, ndipo glutamate yodutsa pa timakomo timeneti ndi imodzi mwa zomwe zimakankha GnRH masana a proestrus. MK-801, yomwe imatseka timakomo tomweto mwamphamvu, imapondereza kukwera kwa LH ikaperekedwa khomo lisanatseguke. Xylazine nayo imagwira timakomo ta alpha-2, kuchepetsa noradrenaline yotuluka m'maselo a ubongo, pamene noradrenaline imafunika kuti LH ikwere. Imakwezanso shuga m'magazi ndi kutsitsa kutentha kwa thupi. Choncho ketamine ndi xylazine ndi zabwino poika kachubu masiku angapo m'mbuyo, makamaka ngati pali atipamezole yodzutsira, koma si zoti mubaye 2 koloko pa proestrus n'kumati sizikhudza kanthu.

Nkhani yofuna mankhwala omwe sazimitsa GnRH ndi yakale. Kwa zaka zambiri anthu ankalephera kuona GnRH ikukwera m'magazi a portal, chifukwa kuti ufike pa timitsempha timeneto uyenera kugonetsa khoswe, ndipo mankhwala ogonetsawo ankazimitsa chinthu chomwe ankachifunacho. Urethane, yomwe imagonetsa maola ambiri pa 1.2 mpaka 1.5 g pa kilogalamu, imatsekereza mazira ngati pentobarbital. Gulu la George Fink ku Oxford linakwanitsa m'chaka cha 1976 pogwiritsa ntchito Althesin, mankhwala a steroid osakaniza alphaxalone ndi alphadolone, ndipo linaonetsa koyamba GnRH ikukwera masana a proestrus. Althesin inachotsedwa pamsika wa anthu mu 1984 chifukwa mafuta omwe ankaisungunulira, Cremophor EL, ankadzetsa ziwengo zoopsa. Lero alfaxalone ilipo kwa madokotala a ziweto, yosungunulidwa mu cyclodextrin. Urethane musaiganizire n'komwe pa khoswe woti adzuke: imayambitsa khansa, ndi ya ntchito zomwe nyama sidzukanso, ndipo wosakaniza ufa wake avale magolovesi ndi chotchinga kukamwa.

Mayi Kalua
Ndiikepo mawu pa mankhwala opumira, chifukwa kuno kutentha kumasintha zinthu zomwe mabuku olembedwa kumaiko ozizira sazitchula. Ether imawira pa madigiri 34.6. Masana a Okutobala ndi Novembala ku Mangochi kutentha kumafika pamenepo ndi kupyola. Botolo la ether pa shelefu nthawi imeneyo lili pafupi kuwira, nthunzi yake ndi yolemera kuposa mpweya, imayenda pansi mpaka kukapeza soketi kapena mota ya filiji. Ngakhale pakanapanda ngozi ya moto, ether imakwiyitsa mphuno ndi mapapo, khoswe amalimbana nayo asanagone, ndipo prolactin ndi corticosterone zimakwera nthawi yomweyo. Pa ntchito ya mahomoni ndi yosayenera.

Isoflurane ndiyo yabwino pa kugonetsa kwa mphindi zochepa, chifukwa khoswe amagona msanga n'kudzuka msanga: 4 mpaka 5 peresenti pogonetsa, 1.5 mpaka 2.5 peresenti posunga tulo, kudzera pa vaporiser, makina opereka nthunzi ya mankhwala pa muyezo. Koma ambiri alibe vaporiser ya nyama zazing'ono, ndiye amadontheza pathonje m'botolo lotseka. Apa m'pomwe makoswe amafera. Pa madigiri 20 nthunzi ya isoflurane m'botolo lotseka ingathe kufika pafupifupi 32 peresenti. Pa madigiri 35 imapyola theka la mpweya wonse wa m'botolomo. Madontho omwe anagonetsa bwino mu Juni angathe kupha mu Novembala. Sakanizani ndi propylene glycol, magawo atatu a isoflurane pa magawo khumi, ikani kawaya pakati pa thonje ndi khoswe kuti asakhudze madziwo, ndipo mutulutseni akangogwa chammbali kupuma kukadali kokhazikika. Kugonetsa kwa mphindi ziwiri kapena zitatu sikungaphimbe khomo la maola awiri, koma kubwereza ola lililonse masana onse ndi nkhani ina. Ngati mwasankha njira imeneyo, pakhale gulu lina losagonetsedwa konse lomwe mudzangowerenga mazira ake m'mawa.

Tiyanjane
Mayi Kalua andikumbutsa za mankhwala oletsa ululu, omwe anthu amawaiwala polemba ndondomeko. Morphine imatsekereza mazira pa khoswe, zimenezi zinadziwika m'zaka za m'ma 1950, chifukwa ma opioid, banja la morphine, amapondereza GnRH. Buprenorphine, yomwe timapereka 0.01 mpaka 0.05 mg pa kilogalamu pansi pa khungu, ndi ya banja lomwelo ndipo imakhalitsa maola ambiri. Mukathawira ku meloxicam, mwathawa mvula n'kugwa m'chithaphwi. Mankhwala a gulu limeneli sakhudza LH, koma amatseka ma prostaglandin omwe follicle imafuna kuti iphulike. Indomethacin, ya gulu lomweli, inaonetsa izi pa makoswe mu 1972: LH imakwera, progesterone imakwera, koma mazira amatsekeredwa mkati. Zotsatira zake m'mawa ndi machubu opanda mazira, chiberekero chophwa. Ndiye chiberekero chija chimakuthandizani kusiyanitsa: chotupa, vuto lili kumutu, chophwa koma mazira palibe, vuto lili pa thumba la mazira.

Izi si chifukwa chomanira khoswe mankhwala a ululu akachitidwa opaleshoni. Ululu nawonso umasokoneza mahomoni, ndipo komiti yoona za chisamaliro cha nyama singavomereze, komanso n'kulakwa basi. Yankho ndi kutalikitsa tsiku la opaleshoni ndi tsiku loyeza.

Asiyatu
Che Jafali, mwati maola a 2 mpaka 4 koloko anali a chipinda cha nyali ya 5 koloko mpaka 7 koloko. Chipinda chathu chili ndi tayima ya 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, komanso pali zenera laling'ono pamwamba. Maola athu ndi omwewo?

Che Jafali
Khoswe sadziwa wotchi ya pakhoma, amadziwa nyali. Werengerani kuchokera pakati pa nthawi ya kuwala. Kwa Everett pakati pake panali 12 koloko masana, ndipo khomo linkatseguka patapita maola awiri. Kwa inu pakati pake ndi 12 kolokonso, ndiye simuli kutali, ndipo zotsatira zanu zomwe zikutsimikiza kuti 1:30 ili khomo lisanatseguke, 5 koloko litatsekeka. Koma malire enieni a makoswe anu muwapeze nokha: magulu ang'onoang'ono obayidwa 1 koloko, 2, 3, 4 ndi 5, kuwerenga mazira m'mawa. Ntchito ya mlungu umodzi kapena iwiri imeneyi idzakupulumutsani miyezi.

Zeneralo litsekeni ndi chinthu chosadutsa kuwala. Kuno dzuwa la Disembala limatuluka nthawi isanakwane 5:30, ndiye makoswe oyandikira zenera tsiku lawo limayamba msanga kuposa a pakona. Tayima ikhale ya batire mkati. Ya makina ozungulira imaima magetsi akazima, akabwera imapitiriza pomwe inaimira, ndipo pakatha mwezi nyali imayaka 8 koloko aliyense osazindikira. Nyali yeniyeniyo ikhale pa batire kapena sola, chifukwa mdima wa maola atatu masana nawonso ndi uthenga ku wotchi ya ubongo. Choopsa kwambiri ndi nyali yosiyidwa yoyaka usiku. Makoswe okhala m'kuwala kosalekeza amasiya kutulutsa mazira, smear yawo imangokhala ya estrus tsiku ndi tsiku. Potenga magazi a 7, 8 ndi 9 koloko usiku gwiritsani nyali yofiira yofooka, osati tochi ya foni.

Kutentha kwa chipinda kukhale pakati pa madigiri 20 ndi 26. Thermometer yosunga chiwerengero chapamwamba ndi chapansi ikhale pafupi ndi makola, osati pakhomo.

Bambo Gondwe
Funso lomwe amayi angafunse akamva izi: kodi mayi wogonetsedwa pa opaleshoni pakati pa mwezi wake nayenso dzira lake limatsekerezedwa chonchi?

Dokotala Nachisale
Apa tisamale, khoswe si munthu. Khomo la maola awiri lija ndi la makoswe, mbewa ndi nyama zina zofanana nazo. Ernst Knobil ku Pittsburgh anaonetsa mu 1980 kuti anyani a rhesus omwe mbali ya hypothalamus yotulutsa GnRH inawonongedwa, akamapatsidwa GnRH yofanana ola lililonse kudzera pa pampu, ankazungulirabe mwezi n'kutulutsa dzira. Kutanthauza kuti kwa anyani ndi anthu gawo lalikulu la chigamulo limachitikira pa pituitary, estradiol ikakhala pamwamba nthawi yokwanira, ndipo LH ya mayi imakhala pamwamba pafupifupi masiku awiri, osati maola ochepa. Matenda aakulu, opaleshoni yaikulu ndi ma opioid a nthawi yaitali zingathe kusokoneza msambo, koma imeneyo ndi njira ina. Zotsatira za makoswe anu, Asiyatu, musazilembe ngati chenjezo kwa amayi opita ku fiyeta.

Tsopano ndikufuna muone mbali ina. Chinthu chomwe chakuwonongerani gulu ndi chida chabwino kwambiri chomwe muli nacho. Funso lanu lenileni si loti mizuyo imaletsa mazira kokha ayi, komanso imaletsera pati. Tsekerezani dala makoswe onse ndi pentobarbital 1:30, a mizu ndi oyerekezera. Kenako, akadali m'tulo, patsani ena hCG 10 IU. hCG imalowa m'malo mwa LH molunjika pa thumba la mazira. Oyerekezera adzatulutsa mazira. A mizu akapanda kutulutsa, vuto lili pa thumba la mazira. Gulu lina lipatseni GnRH mu mtsempha: ili likuyesa pituitary. Ngati a mizu atulutsa mazira ndi hCG, atulutsanso ndi GnRH, koma osatulutsa paokha opanda pentobarbital, ndiye kuti mizuyo ikugwira ubongo. Ndi mmenenso anthu anatsimikizira kuti pentobarbital imagwira pamwamba pa pituitary: khoswe wotsekerezedwa amatulutsa mazira akapatsidwa GnRH, kapena akakhudzidwa ndi magetsi pa mbali ya ubongo yotchedwa preoptic area.

Muganizirenso kuti mizu ina ili ndi zinthu zogonetsa mwa iyo yokha. Ngati mumamwetsa madziwo masana, mwina mukubwereza ntchito ya Everett ndi Sawyer ndi mizu. Lembani ola lomwetsera, ndipo yesani m'mawa ndi masana padera.

Mayi Kalua
Ngati mutsekereza dala, kubaya kukhale kolondola, chifukwa khoswe mmodzi wosagona bwino amasokoneza gulu lonse. Muyezo wotsekereza ndi 30 mpaka 35 mg pa kilogalamu m'mimba. Khoswe wa magalamu 230 pa 35 mg ndi 8 mg. Ngati botolo ndi la 50 mg pa ml, ndi 0.16 ml, yomwe ndi yochepa zedi: kadontho kotsalira m'singano kamasintha muyezo. Sungunulani tsiku lomwelo ndi saline kufika 10 mg pa ml, mubaye 0.8 ml. Kusungunula kumachepetsanso kuwotcha m'mimba, chifukwa mankhwalawa ndi a alkali kwambiri. Werengani botolo kawiri: la 200 mg pa ml ndi lophera nyama, osati logonetsera.

Bayani kumunsi kwa mimba mbali ya kumanja kwa khoswe, mutu wake utaweramira pansi pang'ono, chifukwa caecum, thumba lalikulu la matumbo, nthawi zambiri imakhala kumanzere. Kokani sirinji pang'ono musanakankhe. Mukaona zobiriwira kapena zachikasu, mwalowa m'matumbo kapena m'chikhodzodzo, tayani singanoyo. Khoswe wobayidwa bwino amayamba kudzandira, ndipo pasanathe mphindi khumi mukamugoneka chagada satembenuka. Amene akuyendabe pakatha mphindi 15, mankhwala apita m'mafuta kapena m'matumbo. Musamuonjezere mwachisawawa, mulembeni n'kumuchotsa m'gulu. Lembani mphindi yomwe aliyense wagona ndi yomwe wadzuka, chifukwa amene wadzuka 3 koloko angathe kugwirabe mchira wa khomo n'kutulutsa mazira ochepa.

Makoswe aakazi amagona nthawi yaitali kuposa aamuna pa muyezo womwewo, chifukwa chiwindi chawo chimaphwanya pentobarbital pang'onopang'ono. Muyezo wotengedwa pa ntchito ya makoswe aamuna ungathe kuimitsa kupuma kwa aakazi. Ali m'tulo, thirani mafuta a m'maso, ndipo yezani kutentha kwa thupi kukhale cha pa madigiri 37. M'chipinda chozizira amafunika chofunditsa, koma pa tebulo la pafupi ndi zenera masana a chilimwe angathe kutentha mopitirira, poti khoswe wogona sangadzinyambite kuti azizire.

Pentobarbital ndi ketamine ndi mankhwala otetezedwa ndi malamulo, ndiye kabati yokhoma ndi buku lolembamo ml iliyonse zikhalepo.

Tiyanjane
Zinthu ziwiri zazing'ono zomwe zimawononga ntchito imeneyi. Makoswe aamuna asafike pafupi usiku umenewo: khoswe wotsekerezedwa ndi pentobarbital akakweredwa angathe kutulutsa mazira chifukwa cha kukweredwako. Ndipo potenga smear, nsonga ya pipette ingolowa pang'ono pakhomo, kadontho ka saline kalowe n'kubwerera. Mukakhudza khomo la chiberekero pa proestrus kapena estrus, khoswe amalowa mimba yabodza, prolactin imakwera kawiri patsiku, ndipo smear imakhala ya diestrus pafupifupi masiku 12. Ambiri amanamizira mizu kapena mankhwala ogonetsa pamene wolakwa ndi pipette.

Asiyatu
Zikomo kwambiri nonse. Ndiye zomwe tili nazo kale za gulu la 1:30 tizitaye?

Dokotala Nachisale
Musataye. Pa funso la mizu sizingagwire ntchito, chifukwa magulu onse awiri anatsekerezedwa, ndipo LH ya 1:30 ndi ya nthawi yomwe isanayambe kukwera. Koma ndi mfundo yoyamba pa ntchito ya Che Jafali yopeza malire a khomo, ndipo gulu la 5 koloko ndi yachiwiri. Kwatsala 2, 3 ndi 4 koloko. Ngati matumba a mazira a gulu la 1:30 munawasunga mu formalin, adulitseni muone ma follicle osaphulika ndi dzira likadali mkati. Komiti yoona za nyama muilembere kusintha kwa ndondomeko musanabaye khoswe wina.

Che Jafali
Pa mndandanda watsopanowo musaike makoswe opitirira anayi kapena asanu pa tsiku limodzi. Munthu mmodzi sangatenge magazi a makoswe khumi pa ola lomwelo, womaliza amakhala atachedwa ndi theka la ola. Sakanizani makola a mizu ndi oyerekezera, osati kuyamba ndi gulu limodzi nthawi zonse, ndipo pa chubu chilichonse cha magazi lembani mphindi yeniyeni yomwe munatenga, osati yomwe inali pa ndondomeko.